Masamu a m'mutu ndi masamu a papepala: kuyesa ana a ku minda ya tiyi ya ku Thyolo

Ntchito ya tiyi ndi ntchito ya manambala. Munthu wothyola tiyi ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makwasa kapena ku minda ina ya m'boma la Thyolo amalaŵirira m'mamaŵa, nathyola nsonga za masamba aŵiri ndi kamphukira kake, naponya m'dengu la kumsana, ndipo dengulo likadzaza amapita nalo pa sikelo. Kalaliki amaŵerenga makilogalamu nalemba. Pali muyeso umene munthu ayenera kukwanitsa pa tsiku, ndipo makilogalamu opyola muyesowo ali ndi mtengo wakewake. Pofika tsiku la malipiro, mayi amene sukulu adalekera panjira amakhala ataŵerengera kale m'mutu ndalama zimene ayenera kulandira, kotero kuti zikapereŵera amadziŵa, ngakhale sangathe kulemba njira imene wapezera.

Mwana wa mayi wotere amakulira pakati pa manambala. Amatumidwa ku msika wa Luchenza kapena wa Bvumbwe, amagula milu ya tomato, amabwera ndi chenje chokwanira. Wina atamfunsa kuti, amayi ako akathyola makilogalamu 47 Lolemba ndi makilogalamu 38 Lachiŵiri, onse pamodzi ndi angati, amayang'ana kumwamba pang'ono nayankha kuti 85. Koma mwana yemweyo akapatsidwa pepala pamene 47 walembedwa pamwamba ndi 38 pansi, nthaŵi zina amalemba 715, ndipo mphunzitsi amathetha. Kodi tsono mwanayu amadziŵa masamu kapena sadziŵa? Yankho lake lagona pa mayeso amene wapatsidwa, ndipo nkhaniyi si yaing'ono, popeza malikisi a m'kope ndiwo amagamula ngati mwana apite m'kalasi lina, abwereze, kapena atope naleka.

Achikulire amene adaphunzira m'sukulu za mishoni, monga za ku Malamulo kumene a Seventh-day Adventist adakhazikika m'chaka cha 1902, amakumbukira kuti phunziro la masamu linkayamba ndi masamu a m'mutu. Mphunzitsi ankaima kutsogolo natchula mafunso khumi mofulumira, ana nkumalemba mayankho okha pa sileti. Masiku amenewo ndalama zinali zovuta kuŵerengera: makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi imodzi. Munthu wosathwa m'mutu ankapusitsidwa m'sitolo dzuŵa likuswa mtengo. M'chaka cha 1971 padabwera kwacha ndi tambala, kwacha imodzi kukhala matambala 100, ndipo kuŵerengera ndalama kudapepuka. Mchitidwe wakale uja unali ndi ubwino wake, pakuti ana ankaloŵeza matebulo a kuchulukitsa mpaka kumayankha ngati nyimbo. Unalinso ndi kuipa kwake. Kaŵirikaŵiri pambali pa mphunzitsi pankakhala chikoti, ndipo mwana wamantha ankalephera funso limene akadalikhoza ali pakhonde la kwawo. Mayeso otere ankayesa mtima wa mwana kuposa nzeru zake.

Mayeso a m'mutu ndi mayeso olemba sayesa chinthu chimodzi. Poŵerengera m'mutu, mwana amagwira manambala monga momwe alili, ndi kukula kwake. Pa 47 ndi 38 paja, wina amati 40 ndi 30 ndi 70, kenaka 7 ndi 8 ndi 15, zonse pamodzi 85. Wina amatenga 3 pa 38 kuti 47 akwane 50, natsala ndi 35, naphatikiza. Onse aŵiri akudziŵa kuti 4 wa mu 47 si zinthu zinayi koma makumi anayi, ndiponso akudziŵa kuti yankho liyenera kukhala pafupi ndi zana limodzi koma osafikapo. Polemba, njira imasintha. Mwana amauzidwa kuti ayambire kudzanja lamanja, aphatikize 7 ndi 8, alembe 5 ndi kusunga 1. Ngati sadamvetse kuti 1 wosungidwayo ndi khumi lathunthu limene likusamukira kwa makumi anzake, amangolemba 15 yense pansi, nalemba 7 pambali pake, nkutuluka 715. Chodetsa nkhaŵa si kulakwako, koma kuti mwanayo sadabwa nalo yankho lakelo. Pa sikelo sakadavomera kuti amayi ake athyola makilogalamu 715 m'masiku aŵiri. Papepala amavomera, chifukwa kwa iye masamu a m'kope ndi mwambo wa ku sukulu umene sukhudzana ndi madengu.

Pochotsera, cholakwa chofala kwambiri chili ndi maonekedwe ake amene mphunzitsi watcheru amawazindikira msanga. Mwana akapatsidwa 62 kuchotsera 38 amaona kuti 2 ndi wochepa kwa 8, tsono amatembenuza nachotsa 2 pa 8, napeza 6, kenaka 3 pa 6, napeza 3, yankho 36. Yankho loona ndi 24, ndipo mwana wa kumsika amalipeza mosabwereka konse: kuchokera pa 38 kufika pa 40 ndi 2, kufika pa 60 ndi 20, kufika pa 62 ndi 2 winanso, zonse 24. Umu ndi mmene wogulitsa aliyense amaperekera chenje. Ziro naye amasokoneza ana ambiri. Pa 300 kuchotsera 126 ena amalemba 226 m'malo mwa 174, ndipo pouzidwa kuti alembe zana limodzi ndi zisanu amalemba 1005, chifukwa amva 100 namva 5, nazilumikiza monga azimvera. Zolakwa zonsezi zili ndi nzeru mkati mwake. Mwana wolemba 36 sadalote. Watsata lamulo, koma lamulo lolakwika. Mphunzitsi amene angothetha nalemba 2 pa 10 wataya uthenga umene pepalalo lidabweretsa, pamene amene aima nafunsa kuti wapeza bwanji amadziŵa chimene aphunzitse maŵa.

Zimenezi si za ku Thyolo kokha. M'chaka cha 1985 akatswiri atatu, Terezinha Nunes Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, adafalitsa zimene adapeza mu mzinda wa Recife ku Brazil. Iwo ankapita kwa ana ogulitsa malonda m'misewu ngati ogula wamba, nkumafunsa mitengo ya katundu wosiyanasiyana, ndipo tsiku lina ankawapatsa ana omwewo masamu omwewo papepala. Pa malonda ana adakhoza pafupifupi mafunso 98 pa 100 alionse. Papepala, pamene padali manambala okhaokha, adakhoza 37 pa 100. Mwana wina wogulitsa kokonati pa mtengo wa 35 iliyonse adapeza mtengo wa kokonati khumi pophatikiza 105 katatu ndi kuwonjezera 35, napeza 350. Mtengo wa kokonati zinayi adaupeza bwinobwino kuti ndi 140, koma polemba 35 kuchulukitsa ndi 4 adapeza 200. Ana amene adafunsidwa anali asanu okha, motero munthu akhoza kukayika. Komabe m'chaka cha 2025 magazini ya sayansi ya Nature idasindikiza kafukufuku wamkulu wa Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi anzawo, amene adayesa ana oposa 1,400 ogulitsa m'misika ya Kolkata ndi Delhi ku India, ndipo zotsatira zake zidafanana. Adapezanso mbali ina ya nkhaniyi: ana a sukulu osagulitsa malonda ankakhoza masamu olemba, koma ankasoŵa pogwira akapatsidwa funso la kumsika.

Pasakhale wina woganiza kuti tsono ndi bwino mwana azikaphunzira masamu kumunda kapena kumsika. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo malo a mwana ndi m'kalasi. Ndiponso masamu a m'mutu ali ndi malire. Amayenda bwino pa manambala ozoloŵereka, koma akafika pa kugaŵa manambala akuluakulu, pa magawo a zinthu, pa kuyesa kukula kwa munda kapena kusunga mabuku a gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi, mutu wokha sukwanira. Kulemba ndiko kumalola munthu wina kuona njira yako ndi kukutsutsa. Mayi uja amene adziŵa kuti ndalama zapereŵera koma sangalembe, amagonja pa mkangano ngakhale ali wokhoza, ndipo kalaliki naye ndi munthu, akhoza kulakwitsa osafuna. Sukulu iyenera kumanga ulalo pakati pa nzeru ziŵirizi, ndipo mayeso abwino ndiwo amasonyeza pamene ulalowo wathyoka.

Pali chopinga china chimene mayeso olemba amabisa, ndicho chilankhulo. Anthu ambiri a ku Thyolo ndi Alomwe amene makolo awo adachokera ku Mozambique nakhazikika m'minda ya azungu, ena ndi Amang'anja, ndipo ana ambiri lero amalankhula Chicheŵa kunyumba. Koma poŵerenga manambala pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi. Mwana amamva fifitini ndi fifite, satini ndi sate, mawu ofanana kwambiri m'khutu, makamaka m'kalasi laphokoso pamene mvula ikugunda malata. Funso la m'mutu likalephereka, mwina si masamu amene avuta koma makutu. Chodabwitsa nchakuti kaŵerengedwe ka makolo, ngakhale ndi kotalika, kamanena poyera chimene mwana ayenera kumvetsa: makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziŵiri ndi 47 wofotokozedwa kale, makumi paokha, mphambu pazokha. Mphunzitsi wanzeru amakagwiritsa ntchito poyesa ngati mwana wamvetsa malo a nambala, ngakhale palibe amene angagule nako mchere. M'makalasi apamwamba vuto limakula, popeza mafunso a masamu a mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi. Mwana wolephera funso la nkhani akhoza kukhala kuti walephera kuŵerenga chiganizo, osati kugaŵa. Njira yodziŵira ndi yapafupi: mphunzitsi amuŵerengere funsolo m'Chicheŵa. Akalikhoza, matenda ali pa Chingerezi, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Mayeso amene makolo onse amawadziŵa ndi a PSLCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB lokhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Mayeso ameneŵa ndi olemba okhaokha, ndipo sangachitire mwina, pakuti ana olemba ndi zikwi mazanamazana m'dziko lonse. Ntchito yake ndi kupereka satifiketi ndi kusankha opita ku sekondale. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma imabwera mochedwa. Mwana amene adasokonezeka pa kusunga 1 ali mu Sitandade 2 amafika mu Sitandade 8 atanyamula chisokonezocho zaka zisanu ndi chimodzi, ngati wafikako nkomwe.

Kukula kwa vutoli kudaonekera pamene Malaŵi adaloŵa m'mayeso a bungwe la SACMEQ, amene amayerekeza ana a Sitandade 6 a maiko a kumwera ndi kum'maŵa kwa Africa. Pa mayeso a m'chaka cha 2007, pa muyeso umene pakati pake adaika pa 500, ana a ku Malaŵi adapeza 447 pa masamu, ndipo dziko la Zambia lokha ndilo lidali pansi pawo. M'chaka cha 2010 kudachitika mayeso a mtundu wina otchedwa EGMA, othandizidwa ndi bungwe la USAID, kwa ana a Sitandade 2 ndi Sitandade 4. Mayeso ameneŵa ndi ofunika kuwamvetsa chifukwa cha kachitidwe kake. Woyesa amakhala pansi ndi mwana mmodzi, namfunsa pakamwa: aŵerenge mokweza mpaka pamene angafike, aŵerenge tizinthu toikidwa patsogolo pake, atchule manambala olembedwa, anene wamkulu pa manambala aŵiri, apeze nambala yosoŵa pamndandanda, aphatikize, achotsere, ndi kuyankha timafunso ta nkhani. Woyesayo amaonanso ngati mwana akugwiritsa ntchito zala, akulemba timizere, kapena akuyankha kuchokera m'mutu. Zotsatira zidasonyeza kuti ana ambiri adali m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi zimene silabasi imayembekezera pa msinkhu wawo.

Zala ndi timizere si tchimo. Mwana aliyense amayambira pamenepo, monga amayambira kukwaŵa. Koma mwana wa Sitandade 4 amene apatsidwa 47 ndi 38 nayamba kujambula timizere 47 kumbuyo kwa kope ali pangozi, ngakhale yankho lake litakhala loona. Pepala lokha silingaulule zimenezi, chifukwa 85 wopezeka m'masekondi asanu ndi 85 wopezeka m'mphindi zisanu amaoneka chimodzimodzi, ndipo onse amalandira chongi.

Silabasi ya pulaimale imene idayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 2007, yokonzedwa mothandizana ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, idalimbikitsa kuti mphunzitsi aziyesa ana pafupipafupi pamene akuphunzira, osadikira kutha kwa teremu. Ganizo ndi labwino. Chovuta ndi chiŵerengero. Pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere m'chaka cha 1994, ana adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo makalasi ang'onoang'ono a ana oposa 100 sakhala achilendo, makamaka m'maboma othithikana anthu monga Thyolo ndi Mulanje. Mphunzitsi wa ana 120 atafuna kukhala ndi aliyense mphindi zisanu zokha, afunika maola khumi. Nchifukwa chake ambiri amathaŵira ku funso lofunsidwa kwa kalasi lonse, ana nkuyankha pamodzi ngati kwaya. Kuyankha kotereku kumanyenga kwambiri. Ana khumi akutsogolo ndiwo amayankha, ena onse amangotsatira mawu omaliza, ndipo mphunzitsi amapita kunyumba akuganiza kuti phunziro lamveka.

Njira zochepetsera vutoli zilipo, ndipo sizifuna ndalama. Funso la m'mutu likafunsidwa, ana onse alembe yankho lokha pa sileti, pa kachidutswa ka katoni kapena pansi pa dothi, ndipo akweze kapena aloze nthaŵi imodzi. Mphunzitsi amaona ndi maso amodzi kuti mayankho olakwa ndi ati, ndiponso ngati akufanana. Ana makumi atatu akalemba 36 pa funso la 62 kuchotsera 38, vuto si la ana makumi atatu, ndi la phunziro limodzi loyenera kubwerezedwa ndi mitolo ya timitengo khumikhumi, mtolo umodzi nkumasulidwa pamaso pawo kuti aone chimene kubwereka kumatanthauza. Ana asanu patsiku akhoza kufunsidwa paokha pamene anzawo akulemba, ndipo pakutha kwa masabata asanu kalasi la 120 limakhala litatha. Chofunika kwambiri nchakuti funso limodzi lifunsidwe kaŵiri, tsiku lina pakamwa ndi nkhani ya madengu, tsiku lina papepala ndi manambala okha. Wokhoza pakamwa nalephera papepala afunika kuphunzira kalembedwe. Wokhoza papepala nalephera pakamwa waloŵeza njira osaimvetsa. Wolephera ponse paŵiri abwerere ku timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, popanda kumchititsa manyazi.

Liŵiro nalo lili ndi malo ake. Mwana wa Sitandade 4 ayenera kudziŵa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 mosataya nthaŵi, chifukwa akamavutika ndi zazing'onozi mutu wake sukhala ndi mpata woganizira funso lalikulu. Koma liŵiro liyesedwe pa zinthu zoloŵeza zokha. Funso lofuna kuganiza lipatsidwe nthaŵi.

Minda ya tiyi imapereka mafunso abwino kuposa ambiri a m'mabuku. Sikelo ikasonyeza makilogalamu 18 ndipo dengu lopanda kanthu limalemera makilogalamu 2, masamba ndi olemera bwanji? Kufakitale masamba aaŵisi okwana pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Nanga makilogalamu 90 atulutsa angati? Yankho ndi 20, ndipo mwana wa Sitandade 7 amene angalipeze poganiza kuti makilogalamu 9 amatulutsa 2 wasonyeza nzeru zoposa amene wagaŵa mwa mwambo. Pali funso linanso limene limalekanitsa oloŵeza ndi omvetsa. Ngolo ya thirakitala imanyamula matumba 40 a masamba, ndipo pa malo oyezera pali matumba 130. Thirakitala iyenda maulendo angati? Woloŵeza amalemba 3 kutsala 10, nakhutira. Mwana amene adaonapo masamba akutenthedwa ndi dzuŵa podikira galimoto amadziŵa kuti matumba khumiwo sangasiyidwe, ndipo amati maulendo 4.

Makolo nawo ali ndi gawo, ngakhale amene sadziŵa kuŵerenga. Kope likabwera ndi mitanda yofiira, funso lothandiza si lakuti walakwiranji, koma lakuti tandiuza mmene unachitira. Bambo kapena mayi amene amaŵerengera malipiro ake m'mutu akhoza kumuuza mwana makilogalamu a sabata yonse madzulo a Loŵeruka, mwanayo alembe ndi kuphatikiza papepala, kholo liŵerengere m'mutu, kenaka ayerekeze. Akasiyana, afufuze pamodzi kuti walakwa ndani. Nthaŵi zina amakhala mwana, nthaŵi zina kholo.

Oyang'anira sukulu ayeneranso kukumbukira kalendala ya kumunda poŵerenga zotsatira. Tiyi amaphukira kwambiri m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo imeneyi ndiyo nyengo imene makolo amachoka m'bandakucha ndi kubwera madzulo, chakudya chimachepa m'nyumba zambiri, malungo amachuluka, ndipo mitsinje ya m'zigwa za Thyolo imadzaza. Teremu yachiŵiri imagwa m'miyezi yomweyi. Ana okulirapo, makamaka atsikana, amatsala kunyumba kulera ang'ono awo, ndipo amajomba masiku amene mwina kubwereka ndi kusunga kumaphunzitsidwa. Mwana amene adali wachisanu mu Disembala natsika kufika pa nambala 60 mu Marichi kaŵirikaŵiri sadasinthe mutu. Buku la maina oitanidwa m'maŵa uliwonse likaikidwa pambali pa buku la malikisi, chifukwa chake chimaoneka. Wotereyu ayesedwenso pakamwa mvula ikatha, asanalembedwe m'gulu la obwereza kalasi.